Kodi Mumadziwa? Alendo Amapiko Obwera ndi Mvula Yoyamba ku Migowi

Kodi mumadziwa kuti mwezi wa Novembala, pamene alimi a ku Migowi akutsiriza kuunga mizere maso ali kumitambo, kumwamba kwa Phalombe kumakhala kutadzaza alendo ochokera kumayiko amene ambiri a ife sitidzapondako? Kumpoto kwa dziko lapansi nthawi imeneyi masamba amakhala atayoyoka, chisanu chikulowa, tizilombo tatha. Mbalame yodya tizilombo ikatsala kumeneko yafa. Kuno n'kumene chakudya chimakhala chikungoyamba: chizimalupsa wagwa, ngumbi zikutuluka, ziwala zikuswa, madambo ayamba kunyowa. Ndipo Migowi inakhala pabwino. Michesi ili pamphuno, Mulanje kuseri kwake, kumpoto kuli chigwa chotsetsereka mpaka kunyanja ya Chilwa. Mbalame za m'phiri, za m'minda ndi za m'madzi zonse zimapezeka pamtunda woti munthu wapanjinga atha kuuyenda tsiku limodzi.

Kodi mumadziwa kuti anamzeze amene amandandalika pamawaya a magetsi nyengo ino si onse akuno? Muwayang'anitsitse. Wapakhosi pofiirira, wokhala ndi mkanda wakuda pachifuwa, mimba yoyererako ndi mchira wamphanda, ameneyo anaswedwa ku Ulaya kapena ku Asia. Thupi lake ndi la magalamu 20 okha, mwinanso osakwana, koma ena mwa iwo amauluka makilomita 10,000 kuti afike kummwera kwa Africa. Kuno samangako chisa. Zisa zadothi zimene mumaziona m'makhonde a sukulu ndi kunsi kwa milatho n'za anamzeze akwathu. Mlendoyu amadzadya, amadzasintha nthenga, ndipo pofika Epulo wanyamuka. Kukamada amasonkhana miyandamiyanda kukagona m'mabango. Ku Mount Moreland, pafupi ndi Durban, ankagona ochuluka zedi moti pomanga bwalo la ndege la King Shaka anaikapo makina ounikira gulu lawo kuti lisawombane ndi ndege.

Nanga anthu anadziwa bwanji kuti namzeze wa kuno ndi wa ku Ulaya ndi mmodzi yemweyo? Kale azungu ambiri, ophunzira omwe, ankakhulupirira kuti anamzeze amabisala m'matope pansi pa maiwe kudikira kuti chisanu chithe. Mu 1899 mphunzitsi wina wa ku Denmark, Hans Christian Cornelius Mortensen, anayamba kuveka mbalame timphete tachitsulo tokhala ndi nambala kumwendo. Mu Meyi 1911 J. R. B. Masefield anaveka namzeze mphete yotere ku Staffordshire, ku England. Mu Disembala 1912 namzeze yemweyo anagwidwa pafamu ina pafupi ndi Utrecht, ku Natal. Mtsutso unathera pomwepo.

Kodi mumadziwa kuti dokowe wina anakapereka yekha umboni wa ulendo wake, atausenza m'khosi? Mu 1822, pafupi ndi Klütz ku Germany, kunapezeka dokowe woyera ali ndi mkondo wamtengo umene unam'pyoza khosi. Mkondowo unali wosemedwa ku Africa. Mlenje anam'lasa kuno, mbalame n'kuuluka nawo mpaka kwawo. Dokoweyo anaumitsidwa ndipo akusungidwabe pa yunivesite ya Rostock.

Madokowe ndi oyenera kuwakambapo mofatsa, chifukwa pa alendo onse a dzinja ndi amene amagwirira mlimi ntchito yooneka ndi maso. Alipo a mitundu iwiri amene amabwera ndi mvula. Woyamba ndi wamkulu, woyera, wa nsonga za mapiko zakuda, mlomo ndi miyendo zofiira. Ameneyu amaswana pamadenga ndi pamitengo ya magetsi ku Poland, Germany, Ukraine ndi mayiko oyandikana nawo. Sakonda kukupiza mapiko. Amadikira dzuwa litenthe nthaka, mpweya wotentha uyambe kukwera, iye n'kutambasula mapiko, kuzungulira nawo mpaka kumwamba, kenako n'kutsetsereka kukapeza mpweya wina wotere kutsogolo. Pamwamba pa nyanja palibe mpweya wokwera chonchi, n'chifukwa chake sadula pakati pa nyanja ya Mediterranean. Amazungulira, ena kudzera ku Gibraltar, ena ku Bosphorus m'dziko la Turkey, ndipo obwera mbali yathu ino ndi odzera kummawaku. Masiku ano ena a ku Spain ndi Portugal anasiya kusamuka, amangodya kumalo otayako zinyalala chaka chonse.

Wachiwiri ndi wocheperapo, wakuda msana ndi khosi, woyera kumimba, amene m'mabuku amalembedwa kuti Abdim's stork. Uyu ndi wa mu Africa momwemuno. Amaswana kumpoto kwa equator, kuyambira ku Senegal mpaka ku Ethiopia, mvula ikamagwa kumeneko, ndipo ikatha amaitsatira kummwera. Moyo wake wonse amakhala m'dzinja. Mukaona gulu lawo likuyenda pang'onopang'ono m'munda wongolimidwa kumene kapena padambo lopsa, mitu ili pansi, dziwani kuti akutola ziwala, dzombe ndi mbozi, kuphatikizapo ntchemberezandonda.

Ndipo kodi mumadziwa kuti zigwa za Chilwa ndi Chiuta zili m'gulu la malo ochepa m'chigawo chino cha Africa kumene dzombe lofiira limaswanirana lisanabuke? Bungwe la mayiko loyang'anira dzombeli, IRLCO-CSA, limene likulu lake lili ku Ndola m'dziko la Zambia, limazonda zigwa zimenezi pa chifukwa chomwechi. Mbalame sizingathetse dzombe likabuka, zimenezo tisanamizane. Koma dokowe aliyense amene akudya m'dambo akuchotsako dzombe lisanamere mapiko, popanda mankhwala, popanda malipiro. Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Mwana akatola mwala kuti agende gulu la madokowe m'munda mwanu, muletseni, ndipo mumuuze chifukwa chake.

Kodi mumadziwa kuti chiwombankhanga chimatha kusiya ulenje n'kumatola ngumbi chikuyenda pansi? Mvula ikagwa usiku, dzuwa n'kuwala m'mawa, pitani pafupi ndi chulu chimene chikufuka. Pamwamba pamakhala anamzeze akuwakha ngumbi m'malere, nthengu ikudumpha panthambi n'kubwererapo, achule ndi abuluzi ali pakhomo pa una. Tsiku lamwayi mudzaona chimbalame chachikulu chofiirira chitatera pambali, mapiko atapindidwa, chikuthamangira ngumbi imodzi imodzi mwaphuma, miyendo yake yaubweya ikupunthwa m'zibuma. Zina mwa ziwombankhanga zotere zimachokera ku zipululu za udzu za ku Kazakhstan ndi Russia, zina ku nkhalango za ku Poland, Latvia ndi Belarus. Cha ku Kazakhstan chija, steppe eagle, chinaikidwa m'gulu la mbalame zimene zili pachiopsezo cha kutha mu 2015. Chimene chimazikokera kuno ndi mafuta omwewo amene ife timawatsata tikamatchera ngumbi pachulu.

Kodi mumadziwa kuti pali kakabawi kakang'ono kamene kamaoloka nyanja yamchere kuchokera ku India mpaka ku Africa osatera paliponse? Dzina lake m'mabuku ndi Amur falcon. Kamaswana kummawa kwa Siberia, ku Mongolia ndi kumpoto kwa China. Katambala kake n'kotuwa modera, miyendo ndi kuzungulira maso kofiira, ndipo kakatambasula mapiko kunsi kwake kumaoneka koyera. Kulemera kwake ndi pafupifupi magalamu 150. Mu Okutobala timbalameti timasonkhana kumpoto chakummawa kwa India kudya chiswe chouluka kuti tinenepe. Mu Novembala timanyamuka, kudutsa India yense, n'kulowa pamwamba pa nyanja: makilomita pafupifupi 3,000 a madzi okhaokha, usana ndi usiku, mpaka kugombe la Somalia. Kuchokera apo timatsika kudzera ku Kenya ndi Tanzania, ndipo chakumapeto kwa Novembala ndi mu Disembala timadutsa kuno kupita ku Zimbabwe ndi South Africa. Nyengo yomweyo atombolombo a mtundu wina amaolokanso nyanja yomweyo pothandizidwa ndi mphepo yomweyo. Mukaona tiakabawi tambiri pamodzi pawaya kapena tikuzungulira pamwamba pa munda madzulo, musathamangire kubisa anapiye. Timeneti timadya ngumbi, ziwala ndi atombolombo.

Nkhani ya kambalame kameneka ili ndi mbali ina imene imatikhudza ife a kufupi ndi Chilwa. Mu 2012 zinadziwika kuti pa damu la Doyang, m'boma la Wokha ku Nagaland, asodzi ankatchera maukonde m'mitengo n'kugwira timbalameti toposa 100,000 pa nyengo imodzi, kudya ndi kugulitsa. Sanali anthu oipa mtima. Damulo linamiza minda yawo, ndipo mbalame zinali ndalama yobwera yokha. Chaka chotsatira akuluakulu a midzi, mipingo, boma ndi mabungwe anagwirizana, ndipo mudzi wa Pangti ndi midzi yoyandikana nawo inaletsa kusakako. Mu Novembala 2013 mbalame zitatu zinavekedwa timakina totumiza uthenga ku setilaiti n'kupatsidwa mayina akuti Naga, Wokha ndi Pangti, ndipo anthu a kumeneko anayamba kutsatira ulendo wa mbalame zawo mpaka kummwera kwa Africa. Lero alendo amapita ku Pangti kukaona mbalame, ndipo ena mwa amene ankatchera ndi amene amawalondolera. Chimene chinagwira ntchito kumeneko ndi lamulo limene eni mudzi anapangana okha.

Kodi mumadziwa kuti nyanja ya Chilwa ndiyo malo oyamba m'Malawi kulowa m'kaundula wa madambo ofunika padziko lonse, pansi pa pangano la Ramsar? Inalowa pa 14 Novembala 1996. Panganolo linasainidwa mu 1971 mumzinda wa Ramsar ku Iran. Malo achiwiri a kuno, Elephant Marsh ku Chikwawa ndi Nsanje, analowa mu 2017. Chimene chinaika Chilwa pamndandandawo ndi mbalame: mitundu yoposa 160 yodalira madzi ndi madambo, ndipo chiwerengero chake chinayerekezedwa kuti chimafika 1.5 miliyoni.

Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Phalombe ndi Sombani kuchokera kuno, Likangala, Thondwe ndi Domasi kuchokera mbali ya Zomba, yonse imangothira, ndipo madzi amachoka ndi dzuwa basi. N'chifukwa chake ndi amchere pang'ono, ndiponso n'chifukwa chake nyanjayi, imene malo ambiri siipitirira mamita awiri kapena atatu kuya, imaphwa mvula ikavuta zaka zotsatizana. Inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inasanduka nthaka yong'ambika.

Apa ndi pamene nkhani ya mbalame imakumana ndi nkhani ya ndiwo. Matemba, makumba ndi milamba zikasowa, msodzi wa ku Swang'oma kapena wa m'zimbowera sangadye njedza. Amatembenukira ku mbalame. Kafukufuku wa kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, nyanja itangophwa, anayerekeza kuti mbalame pafupifupi 1.2 miliyoni zinkagwidwa pa chaka kuzungulira Chilwa, zambiri ndi misampha ndi ulimbo, zina ndi mfuti. Zogwidwa kwambiri zinali tinkhuku ta m'madzi tokhala m'njedza ndi abakha akutchire oimba mluzu aja. Ine sindingaloze chala bambo amene watchera khwekhwe kuti ana ake asagone ndi njala. Chimene chimandiwawa ndi kutola mazira ndi kugwira make ali pachisa, komanso kutentha njedza mbalame zikuswana, chifukwa pamenepo munthu wadya ndiwo za lero pamodzi ndi za chaka chamawa. Bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi lakhala likugwira ntchito ndi magulu a osaka mbalame a ku Chilwa kuti apatule malo osasakamo ndi nyengo yopumitsa misampha. Nzeru imeneyi njofanana ndi yotseka nyanja nsomba zikamaswana, ndipo msodzi aliyense amaimvetsa popanda kumulalikira.

Kodi mumadziwa kuti pali katimba kena kobwera kuno mu Disembala kamene nyimbo yake yonse ndi yobwereka? Kamatchedwa marsh warbler, kofiirira, kosaoneka bwino n'komwe, kokonda kubisala m'zitsamba zowirira m'mbali mwa mitsinje. Katswiri wa mbalame Françoise Dowsett-Lemaire anamvetsera nyimbo za timbalameti ku Belgium ndipo anapezamo kulira kwa mitundu ina ya mbalame yoposa 200, yoposa theka ya ku Africa. Kamwana kamaphunzira nyimbo m'chaka chake choyamba, kuyambira kwawo mpaka m'njira yonse yobwera kuno, ndipo kakabwerera kamakaimba zonsezo pofunsira. Ndiye kuti m'tchire lina ku Ulaya mwezi wa Juni mumamveka mawu a pumbwa. Mayi yemweyu, pamodzi ndi Robert Dowsett, ndi amene analemba buku la The Birds of Malawi la mu 2006, limene linasonyeza kuti dziko lathu lili ndi mitundu ya mbalame pafupifupi 650.

Kodi mumadziwa kuti katimba kena, willow warbler, kolemera ngati masipuni awiri aang'ono a shuga, kamachoka kummawa kwenikweni kwa Siberia n'kuuluka makilomita 13,000 kudzafika kummwera kwa Tanzania ndi kumpoto kwa Mozambique? Akatswiri a pa yunivesite ya Lund ku Sweden ndi amene anatsimikiza zimenezi mu 2018. Mtundu umenewu umapezeka m'mitengo ya pakhomo pomwe, kakudumphadumpha m'masamba kufuna nsabwe za zomera.

Kodi mumadziwa kuti pali mbalame imene imatha miyezi 10 osatera? Ndi yakuda, yamapiko opindikira kumbuyo, yofanana ndi namzeze koma si mbale wake: common swift. Imadya m'malere, imamwa ikuuluka, ndipo kuchoka ku Ulaya mpaka kubwererako zina sizikhudza nthambi kapena nthaka. Muziyang'ana kutsogolo kwa mtambo wa mvula ukamachokera ku Michesi. Zimakonda kutsogola chimphepo, kumene tizilombo timanyamulidwa m'mwamba.

Nanga great snipe, mbalame yamlomo wautali yobisala m'udzu wa m'madambo onyowa? Zovekedwa timakina ku Sweden zinauluka makilomita oposa 6,000 osapuma m'masiku atatu kapena anayi, ndipo imodzi inakwera mpaka mamita 8,700. Sapitwa, nsonga ya phiri la Mulanje, ndi mamita 3,002.

Kodi mumadziwa kuti mbalame ina ya ku Mongolia inadzathera dzinja ku Zambia anthu a m'mayiko ambiri akuitsatira pa intaneti? Inali cuckoo, ndipo anaitcha Onon, dzina la mtsinje wa kwawoko. Anaiveka kamakina mu Juni 2019. Inadutsa China ndi India, inaoloka nyanja, inafika ku Zambia, ndipo mu Meyi 2020 inabwerera pamalo pomwe anaigwirira itayenda makilomita pafupifupi 26,000. Chodabwitsa kwambiri ndi ichi: mbalame imeneyi simanga chisa. Imaikira dzira m'chisa cha mbalame ina n'kuchoka, mwana n'kuleredwa ndi eni chisa. Makolo ake enieni amanyamuka iye asanakhwime. Komabe nthawi ikakwana amanyamuka yekha, usiku, n'kulunjika ku Africa kumene sanapiteko ndipo palibe anamuuza njira. Ikakhala kuno siilira, n'chifukwa chake ambiri sitiizindikira. Imene imasokosa nyengo ino ndi mbale wake wa mu Africa, wa chifuwa chofiira, amene amabwereza mawu atatu otsika, usana ngakhale usiku, kuyambira Okutobala. Nayenso ana ake amaleretsa kwa eni.

Kodi mumadziwa kuti pali lumbe amene amamera nthenga ziwiri zazitali kuposa thupi lake lonse, imodzi kuphiko lililonse? Ndi tambala wa pennant-winged nightjar. Amachokera kumpoto kwa equator n'kufika kuno mvula isanayambe kudzaswana m'nkhalango za miombo ndi m'mphepete mwa mapiri. Chisisira chikagwa amauluka mozungulira, nthenga zoyera zija zikukokeka pambuyo, ndipo munthu woona koyamba amatha kuganiza kuti mbalame zitatu zikuthamangitsana. Thadzi limaikira mazira pansi, pamasamba ouma, popanda chisa. Moto wolusa wa mu Okutobala ndi Novembala umapsereza mazira amenewa. Kuswana kukatha nthenga zija zimathothoka, n'kutsala lumbe wamba.

Si alendo okha amene ali ndi zodabwitsa. Kodi mumadziwa kuti ku Chilwa kuli kakowa wakuda amene amapha nsomba ndi mthunzi? Amayenda m'madzi osaya, kenako mwadzidzidzi amaponya mapiko onse awiri kutsogolo n'kuwakumanitsa pamwamba pa mutu, nsonga za nthenga zikukhudza madzi. Amakhala chomwecho kamphindi, mutu uli mkati. Tinsomba timathawira mumthunzimo, ndipo iye amaona bwino popanda kunyezimira kwa dzuwa. Kujompha kamodzi, mapiko n'kupinda, masitepe angapo, n'kuphimbanso. Zala zake n'zachikasu. Mukam'peza m'mbali mwa dambo kapena m'munda wa mpunga, khalani pansi mumuonerere, simudzanong'oneza bondo.

Kodi mumadziwa kuti kwa mbalame yazala zazitali ija yoyenda pamwamba pa masamba a m'madzi, African jacana, wolera ana ndi bambo? Thadzi ndi lalikulu kuposa tambala, limakhala ndi atambala angapo, ndipo likaikira mazira limapita. Tambala ndiye amafungatira. Ngozi ikafika amanyamula anapiye kunsi kwa mapiko n'kuthawa nawo, timiyendo tokha tikulendewera.

Dokowe wakuda wa mlomo wosatsekeka pakati uja si wolumala. Mlomowo unapangidwira nkhono za m'madzi, ndipo amatulutsa nyama yake chigoba osachiphwanya kwenikweni.

Za nantchengwa timakamba zambiri kumudzi, ndipo ambiri amamuopa. Koma kodi munayamba mwachiyang'ana bwino chisa chake? Chimatha kufika mita imodzi ndi theka m'mimba mwake, chili ndi denga, khomo lake ndi lozira ndi matope, ndipo n'cholimba moti munthu wamkulu atha kuimapo. Banja limodzi limamanga zisa zingapo, zina osagonamo n'komwe, ndipo zotsalazo amalowamo akadzidzi, abakha akutchire, njuchi ngakhale njoka. Mantha a anthu ndi amene am'teteza mpaka lero.

Tikweze maso kuphiri. Kodi mumadziwa kuti pali mbalame imodzi imene padziko lonse imapezeka m'Malawi mokha? Ndi yellow-throated apalis, kambalame kobiriwira msana, kachikasu pakhosi ndi kumimba, kamkanda wakuda pachifuwa. Kwawo ndi nkhalango za m'mapiri a Mulanje, Zomba ndi Malosa basi. Mnzake ndi Thyolo alethe, wofiirira msana, woyera pakhosi, wopezeka m'nkhalango zochepa za kummwera kwa Malawi ndi m'mapiri ena a ku Mozambique monga Namuli, Mabu ndi Chiperone. Ameneyu amadya mwanzeru: amatsata linthumbu. Linthumbu likamayenda, tizilombo tonse ta m'masamba timabalalika, iye ali pakanthambi kammunsi kudikira zothawazo. Linthumbu la m'nkhalango limafuna nthaka yachinyezi ndi mthunzi. Mitengo ikapita ku makala ndi matabwa, nthaka imauma, linthumbu limachoka, mbalame n'kutha. Ku phiri la Thyolo, kumene inatengera dzina, nkhalango yake inatsala pang'ono kutheratu. Mbalame zonse ziwirizi zili pachiopsezo cha kutha, ndipo pali alendo amene amalipira ndege kuchokera kutali kudzafuna kuziona kamodzi kokha.

Kodi mumadziwanso kuti mbalame zina za m'phiri zimasamuka osachoka m'boma lawo? Chisanu chikayamba mu Meyi, zina mwa za m'nkhalango za pamwamba zimatsikira m'munsi motentherako, m'mitengo ya m'mbali mwa mitsinje, ndipo zimakweranso kukayamba kutentha kuti zikaswane ndi mvula. Choncho kuteteza nkhalango ya pamwamba pokha sikukwanira. Kamzere ka mitengo kotsata mtsinje kutsika m'phiri, kamene munthu amakaona ngati kongotchinga dimba, ndi kumene mbalamezi zimathera miyezi yozizira.

Kodi mumadziwa kuti kuonerera mbalame sikulira zipangizo zodula? Magalasi oonera patali amathandiza, koma chachikulu ndi kudzuka m'mamawa, kuvala zosawala, kukhala chete dzuwa lili kumsana, ndi kope. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Lembani tsiku, malo, kukula kwa mbalame, mtundu wa mlomo ndi miyendo, chimene imadya ndi mmene imalirira. Lembani tsiku limene mwaona dokowe woyamba chaka chino, chaka chamawa mudzalembenso. Mphunzitsi wa ku Migowi amene angachite zimenezi ndi ana a kalabu ya zachilengedwe kwa zaka zingapo adzakhala ndi chuma chimene akatswiri amachisowa, chifukwa oonerera mbalame ambiri amathera ku Liwonde, ku Zomba ndi ku Likhubula. Anyamata oweta ng'ombe ndi osaka a kunyanja amadziwa kale zisa, nyengo ndi makhalidwe a mbalame kuposa ambiri a ife ophunzira. Afunseni. Funsaninso agogo mayina a mbalame m'Chilomwe ndi m'Chichewa muwalembe, chifukwa mwana wa lero akudziwa mpheta, njiwa ndi khwangwala, zotsalazo amangoti mbalame. Amene ali ndi foni ya intaneti atha kutumiza zimene waona ku eBird, kaundula wa padziko lonse wosungidwa ndi Cornell Lab of Ornithology. Tsiku lokumbukira mbalame zosamuka limachitika kawiri pa chaka, Loweruka lachiwiri la Meyi ndi Loweruka lachiwiri la Okutobala.

Ndipo kodi mumadziwa chochita mukapeza mbalame yovala mphete kumwendo, kaya yakodwa mu ukonde, kaya mwana waigenda ndi legeni, kaya mwaipeza yakufa pansi pa waya? Mpheteyo si yamatsenga, ilibe mtengo pamsika, ndipo palibe amene adzakumangeni chifukwa chonena. Koperani zilembo ndi manambala onse olembedwapo, ngakhale dzina la mzinda kapena dziko ngati lilipo. Lembani tsiku, mudzi, ndi mmene mbalameyo yapezekera. Ngati ili moyo, musaivule mpheteyo, ingolembani n'kuitaya ipite. Uthengawo upite kwa a Wildlife and Environmental Society of Malawi kapena kwa alangizi a zanyama zakutchire, kuti ukafike ku SAFRING, ofesi ya pa yunivesite ya Cape Town imene imasunga kaundula wa mphete za mbalame kummwera kwa Africa, ntchito imene inayamba mu 1948. Iwo amafufuza kumene mpheteyo inavekedwa, ndipo wotumiza amauzidwa dziko limene mbalameyo inachokera ndi chaka chimene inavekedwa.